Phula Loyera

Ntchito yanga ndi kukaniza madzi kulowa.
Pa Mpondasi amandidziwa, Sumaili womata maboti.
Ndimakhomera thonje m'mipata ya matabwa,
kusungunula phula m'chitini chakale cha penti
n'kumata, mpaka Shire agogode n'kubwerera.
Zaka khumi ndi zitatu, boti langa silinamirepo.

Koma Okutobala uno ndagonja
kwa munthu wa mano awiri.

Mwanaisha wapeza ntchito ku resitihausi ya pa Boma,
amachoka adhana ya m'bandakucha isanathe,
ndiye Nuliya amasewera ndi ine pansi pa mtondo,
pa chitenje, pafupi ndi misomali ndi tchizulo.
Lachiwiri lija boti la a Bwanali linandidya mutu.
Pampasi ndinamuveka m'mawa.
Ndinadzakumbukira dzuwa litapendeka.

Nditamasula,
matako ake anali psuu ngati chitsulo cha pamoto,
totupa tating'ono mpaka m'ntchafu.
Madzi atangomukhudza analira kulira kwina,
kosakhala kwa njala, kosakhala kwa tulo,
kulira kondiloza chala.

Ndinamuwaza pauda wa amake.
Thukuta linausandutsa phala.
Ndinamusambitsa ndi sopo wonunkhira uja wa paukwati,
moto n'kukolera.
Usiku Mwanaisha sanandikalipire.
Bola akanakalipa.

Kusikelo ndinali mwamuna ndekha pabenchi,
amayi akugwirana zigongono.
Anamwino, a Chikwenga, magalasi ali pamphuno,
anayang'ana mwana, kenako zikhadabo zanga zakuda.
"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"
Ndinawauza. Anaseka mpaka kuvula magalasi.
"Ndiye mwabwera kudzafunsa zomwe mukudziwa kale.
Mumamata phula pa thabwa lonyowa?"
Ayi, mayi, silingagwire.
"Eya. Msambitseni ndi madzi okha,
musakhule, mungogunditsa kansalu mpaka aume.
Mumusiye kaye chibadwire, mphepo imupite.
Mukatero mupake awa a zinki, mochindikala,
khungu lisaoneke.
Si mafuta owalitsa mwana, ndi mpanda
pakati pa iye ndi mkodzo wake.
Akatha, ngakhale vaselini wosanunkhira atchinga.
Thewera likanyowa musadikire boti lithe.
Pakapita masiku atatu osasintha,
kapena mukaona matuza, kapena thupi latentha,
mubwerenso, musakafunse kudoko."

Chala changa ichi,
chomwe chimadziwa mng'alu ngakhale mumdima,
chinanjenjemera pa kachitini kakang'ono.
Ndinayamba ndachisamba katatu,
kuchotsa utuchi, dzimbiri, fungo la dizilo.
Phula langa ndi lakuda ndipo limapsereza.
Ili ndi loyera, lozizira ngati mtsuko wa m'nyumba.
Nuliya anakoka mpweya, kukonzekera kukuwa,
n'kupeza palibe chokuwira.
Anangondigwira ndevu.

Mapampasi akwera mtengo, tabwerera ku matewera ansalu.
Asanu ndi limodzi ali pachingwe chomwe ndinkayanikapo thonje,
ndimawatsukuluza kawiri kuti sopo asatsalire.
Anzanga akamadutsa ndi nkhafi paphewa amakuwa,
"Sumaili, watsegula sitolo ya mbendera?"
Ndimawayankha kuti boti ili lilibe sipeya.

Lachisanu kufiira kunali kutazilala,
kwatsala kachigamba ngati ndalama ya teni kwacha.
Ndinapakabe. Lero ndapakanso, ngakhale palibe kanthu,
poti mmisiri wodikira kuti madzi alowe kaye
ameneyo ndi wokapa, si womata.

A Bwanali abwera kawiri kudzafunsa boti lawo.
Lili pompo, chafufumimba, mbali imodzi yosamata.
Ndawauza mawa.
Nuliya ali pamkeka wopanda kanthu m'chiuno,
akumenya miyendo m'mwamba ngati akupalasa kabaza,
ndipo ine ndakhala pambali, kachitini m'thumba la malaya,
kudikira kuti aume.